Mwendo Woima Pakona

Ntchito yanga ndi yopanga miyendo. Munthu akadulidwa mwendo kuchipatala, kaya ndi shuga, kaya ndi galimoto, bala likapola amabwera kwathu. Timaumba chitsa chake ndi chikhakha, kenako timaphika pulasitiki mu uvuni n'kupanga chikho choti chitsacho chizilowamo. Pansi pa chikho timamangapo bondo lachitsulo, pansi pa bondo paipi, pansi pa paipi phazi la labala. Ndinayamba ntchitoyi tsitsi lili bii. Anandilemba chifukwa nanenso ndimatsimphina, poliyo anandipotola mwendo wakumanzere ndili wakhanda, ndipo pamalo pathu amakonda kulemba anthu ngati ife. Si pa boma, si pa mpingo. Amati ndi bizinesi yothandiza anthu: amene ali nazo alipire mokwanira, amene alibe apereke zimene angathe, ndipo phindu lisalowe m'thumba la munthu. Ine sindinapisepo m'thumba la wina aliyense, ndiye sindingalumbire.

Kale mabondo ndi mapazi ankabwera m'makatoni kuchokera kunja, mphatso ya anthu amene sitinawaonepo nkhope. Ankabwera ambiri moti sitinkawasamala. Kuseri kwa shedi yathu kunali mulu wautali kuposa munthu: miyendo yakale, mapaipi opindika, zidutswa za pulasitiki. Anthu oyandikana nafe ankabwera kudzatola. Wina akakonzere wilibala, wina akatsekere podontha padenga. Kenako makatoni aja analeka kubwera. Chifundo cha anthu akutali chinasamukira kwina, ngati mmene chimachitira.

Ndi nthawi imeneyo pamene anatibweretsera woyang'anira watsopano, mayi wachitsikana wa magalasi amene tonse timangomutchula kuti Madamu. Anatisonkhanitsa pafupi ndi uvuni n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo pamalo pathu palibenso chinyalala.

"Chilichonse chotuluka pakhomo apa chizizungulira n'kubwerera," anatero. "Mwendo sitikugulitsanso, tikubwereketsa. Mwana akakula, mwendo ubwere, timupatse wina. Munthu akamwalira, kapena akaleka kuyenda, mwendo ubwere. Bondo tipake girisi lipite kwa wina. Phazi chimodzimodzi. Pulasitiki tigaye, tisungunule, tipange zogwirira za ndodo."

Mnzathu wina wa mwendo umodzi, amene pambuyo pake anapatsidwa makina ogayira pulasitikiwo n'kutchedwa Chigayo, anakweza dzanja.

"Nanga okalamba ngati a Msunamo awa, Madamu, tiwagayenso? Zingatulukemo zogwirira ziwiri."

Msunamo ndine. Onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinali nditamva mawu okoma ambiri pamalo amenewo, ndipo mawu okoma aliwonse ankathera pa msana wa munthu wina.

Koma zinatheka, zimenezo sindikana. Mulu uja unatha. Tinaufukula wonse, tinapezamo mabondo amene ankangofuna bawuti imodzi. Pamene panali mulu anasesapo n'kuikapo mabenchi. Miyendo inayamba kubwerera, ina itakulungidwa m'nsalu ngati mwana, ina m'matumba a feteleza. Anthu amene akanabwezedwa chimanjamanja anachoka akuyenda. Vuto linatsala pa mabondo okha. Phazi limapezeka, paipi imapezeka, koma bondo labwino sitingalipange tokha. Kuti wina alandire bondo, pamafunika wina alisiye.

Panali mayi wina wogulitsa tomato amene lole inamuponda ikubwerera m'mbuyo pamsika. Anamudula pamwamba pa bondo. Chikho chake ndinapanga ndine, chinamukwana bwino, ndipo chinakhala pashelefu kudikira bondo mpaka chinachita fumbi. Mayiyo ankabwera sabata ndi sabata, n'kukhala pabenchi moyang'anizana ndi tebulo langa.

"Abambo a miyendo, lero ndiye ndikuyenda?"

"Bondo kulibe."

"Si mungondibwereka lanulo? Nanga inu mumaligwiritsa ntchito yanji, poti mumangokhala pampando?"

Ankaseka, koma m'khwapa mwake munali mabala chifukwa cha ndodo. Tsiku lina anasiya kuseka n'kundiuza chapansipansi kuti lole inamudya mwendo umodzi, koma ndodo zinamudya manja onse awiri. Sanganyamule beseni la tomato. Sanganyamule ndowa. Mwana wake wamng'ono akakwawira kumoto, iye amangokuwa mpaka wina abwere. Ine ndinapitiriza kupala chitsulo ndi tupa. 

Bondo limene likanamukwana ndinkalidziwa kumene linali. Linali kwa achimwene anga.

Achimwene, amene ine ndinawaponda pamutu, anali dalaivala wa basi mpaka shuga anawadula mwendo wakumanja. Mwendo wawo ndinapanga ndekha, ndipo bondo ndinachita kusankha labwino koposa m'katoni yomaliza. Pamene lamulo la Madamu linabwera, nawonso analowa m'gulu la obwereka, anavomera akuseka, amvekere wobwereka saopa ngongole ya mphwake. Anayendera mwendowo zaka zambiri, akudula makiyi ndi kukonza maloko pafupi ndi depoti. Kenako sitiroko inawagwetsa. Inapha mbali yakumanzere, mbali ya mwendo wawo wobadwa nawo. Wamoyo uja unafa, wachitsulo n'kutsala uli bwinobwino, utaima pakona ya chipinda chawo, moyang'anizana ndi bedi.

Madamu anandiitanira pambali m'mawa wina, kuseri kwa shelefu ya mapazi.

"Anzathu oyendera makomo andiuza za achimwene anu," anatero. "Adokotala awo akuti sadzaimanso. Mukudziwa chimene ndikufuna kunena."

"Nenani, ndinu abwana."

"Ndikhoza kutuma munthu wina. Simukuyenera kupita ndinu."

"Mlendo akalowe m'nyumba ya achimwene kukawavula mwendo?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. "Akadzadzuka, tidzawapangira wina tsiku lomwelo. Ndikulonjeza."

Kulonjeza n'kosavuta ukadziwa kuti mwini lonjezo sadzabwera kudzalitenga. Ndinati ndamva.

Achimwene amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, pa mdadada wa nyumba kuseri kwa magolosale. Muli bedi, mpando, kabati ya mbale, ndi chingwe chimene alamu amayanikapo zovala za anthu, poti ntchito yawo ndi yochapa. Mumanunkha sopo ndi mkodzo. Ndinapeza alamu akuwapaka mafuta kumsana kuti asachite zilonda. Pakamwa pa achimwene panapotoka, mawu amatuluka mokoka, koma lilime lawo lachipongwe sitiroko inaliphonya.

"Wabwera, kaphwanga? Khala pansi msanga usandigwere. Mayi anatiberekera miyendo inayi, koma pano tikaphatikiza yatsala iwiri, wako wakumanja ndi uwo uli pakonawo."

Ndinakhala pampando.

"Taupukuta fumbi. Alamu akowa amaupukuta ngati akupukuta mwamuna wa mwini."

"Ine ndipukute inu, ndipukutenso chitsulo?" anatero alamu osatembenuka. "Manja ndili nawo angati?"

Ndinatenga kansanza n'kupukuta. Ndinapinda bondo, ndinaliwongola. Linali lofewa ngati latsopano. Achimwene ankandiyang'anitsitsa ndi diso lawo labwino.

"Lili bwanji?"

"Lili bwino."

"Likundidikira. Dzanja ili layamba kumva. Dzulo ndagwedeza chala, tawafunsa alamu ako. Kukangofunda, iwe, ndidzuka. Anyamata a padepoti aja akuwononga maloko a anthu."

Alamu anatseka botolo la mafuta. Ine ndinakhala mpaka dzuwa linachoka pazenera, tikukamba za mpira ndi za mtengo wa malata, kenako ndinatsanzika. Mwendo unatsala pakona.

Madamu sanandifunse. Zimenezo ndi zimene zinandipweteka, chifukwa akanandifunsa ndikanapeza pomukwiyira. Mayi wa tomato anabweranso. Tsiku limenelo anagwa potsika masitepe a pakhomo, ndodo ina itaterera pa simenti yonyowa. Chigayo ndi ine tinamudzutsa, olumala awiri kudzutsa wachitatu, ndipo iye ankangoti, "Basi, basi, ndazolowera," uku magazi akutuluka m'chigongono.

Madzulo ake ndinabwerera kwa achimwene nditatenga thumba.

"Thumbalo n'la chiyani? Wandibweretsera mkazi wina?"

"Ndabwera kudzatenga mwendo, achimwene. Ukufunika sevisi."

"Sevisi? Galimoto yoima imapita kusevisi?"

"Yoima ndi imene imachita dzimbiri. Girisi amauma. Mukadzadzuka bondo lidzakana kupinda."

Anandiyang'anitsitsa. Munthu amene anayendetsa basi zaka zonsezo amadziwa kuti girisi sauma msanga chotero. Komanso dzana lomweli ndinali nditawauza kuti bondo lili bwino.

"Chabwino," anatero. "Ukamange ndi bawuti yapansiyo, imagwedera. Koma usachedwe nawo. Pakona pakakhala popanda kanthu ndimasowa poika maso."

Ndinauika m'thumba, phazi linatsala panja. Alamu ananditsatira mpaka pampopi wa panja, manja ali ndi thovu.

"Alamu, ine musandinamize. Ubwerera?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndinadziwa tsiku lija munaupinda n'kuuwongola, ngati munthu wogula mbuzi," anatero. "Ine sindikukanizani. Mwina kuli wina amene akuvutika. Koma mvetsetsani. Ine ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimawatawira. Zonsezo ndivomera. Koma kuwauza zimenezi, mudzawauza ndinu."

Ndinakwera minibasi ndi mwendo wa achimwene pamiyendo panga. Kondakitala anafunsa ngati mnzangayo walipira.

Kumasula mwendo sikuchedwa. Ndinaumanga pa vaisi, chopanira chachitsulo cha patebulo langa, ndinamasula mabawuti, phazi linapita pashelefu ya mapazi, paipi pa ya mapaipi. Bondo ndinalitsuka ndi parafini. Chinatsala m'manja mwanga ndi chikho. Pulasitiki yake inali itasanduka yachikasu ndi thukuta. M'mphepete munali popsa pamene ankazimitsira ndudu masiku amene ankasuta mobisira adokotala. Kutsogolo anamatapo kachithunzi ka timu yawo ya mpira, kofufutika. M'kati munali kansalu kamene anamata okha pamalo pamene fupa linkawaluma, sanandiuze, poopa kuti ndingakhumudwe kuti ndinapima molakwika. Ndinalowetsamo dzanja. Maonekedwe a chitsa chawo anali momwemo, potupa ndi polowa, ndipo munkanunkha achimwene.

Ndi pamenepo pamene nzeru inandibwerera. Munthu wogona pabedi sayesa bondo, amangoyang'ana. Ngati chikho chili chomwecho, pansi pake ndikhoza kuikapo chilichonse, n'kuvekapo sokosi yaitali, n'kukauimika pakona. Alamu okha ndi amene angadziwe, ndipo alamu si a pakamwa.

Ndinatuluka kuseri kwa shedi kukafuna bondo lakufa ndi kapaipi kopindika. Miyendo inandipititsa yokha, chifukwa cha chizolowezi. Ndinapeza mabenchi, pansi posesedwa, ndi mayi wina akuyamwitsa mwana. Ndinaima ngati chitsiru. Kale pamenepo ndikanapanga miyendo ya mpingo wathunthu popanda wondifunsa. Tsopano bondo lakufa amaliphwasula n'kuchotsamo mabawuti, chotsala chimapita kwa osungunula zitsulo. Paipi yopindika amaidula n'kupangira ana. Ngakhale fumbi la pulasitiki Chigayo amalisesa n'kuliika m'ndowa. Chilichonse chili ndi kumene chikupita. Anatiuza kuti chinyalala chatha, koma sanatiuze kuti chinyalala ndi chokhacho chimene mmphawi ankatenga osagwada.

Ndinaganiza zokapeza mpini wa tsache ndi kachitsulo kwa okonza njinga, ndidzamange kunyumba. Chikho ndinachikulunga m'chiguduli n'kuchikankhira pansi pa tebulo langa, kuseri kwa bokosi la zida. Sindinachitenge tsiku lomwelo chifukwa mlonda wa pageti amapisa m'zikwama, ndipo ndinafuna kudikira tsiku la mlonda winayo, amene amagona masana. Madamu sindinamuuze. Ndimuuziranji? Kuti aziti nkhalamba yayamba kuba, andipezere pondichotsera?

M'mawa mwake ndinachedwa, minibasi inafera panjira. Ndikulowa pakhomo ndinamva makina a Chigayo akulira. Pansi pa tebulo langa panali posesedwa. Chiguduli chinali chitapindidwa bwino, chili pamwamba pa bokosi.

Ndinathamanga mmene munthu wotsimphina amathamangira. Chigayo anali atavala zotseka m'makutu, akuimba nyimbo. Ndinamukoka malaya, anazimitsa makina.

"Chikho chinali pansi pa tebulo langa chili kuti?"

"Chachikasu chija? A Msunamo, mukukalamba. Munaiwala kuchiponya m'dengu, ndiye ndakuthandizani. Kunena zikomo sikuthyola mano."

Analoza m'ndowa. Munali tizidutswa ngati mpunga, toyera ndi tachikasu, tosakanikirana ndi ta anthu ena. Ndinapisamo dzanja, tinali totentha.

"Chinali cha achimwene anga."

Chigayo anavula zotseka m'makutu zija.  "Akulu, ine ndinangoona pulasitiki."

Ndinamutukwana. Ndinamutukwanira ndi mwendo wake umene anadulidwa, mawu amene sindingalembe pano.  Madamu anatuluka atamva phokoso, n'kundilowetsa mu ofesi. Ndinamuuza zonse, nanga n'kubisiranji poti zinali zitagayidwa kale.

"Mukananena," anatero. "Chikho chimodzi? Ndikanakupatsani, ndi paipi yomwe. Abambo, mukananena."

Amatero onse zinthu zikawonongeka. Chinthu chikatha aliyense amasanduka wopatsa.

Anati tikhoza kupanga china chongoimika pakona. Ndinamufunsa kuti tipange ndi chiyani, poti chikombole cha chitsa cha achimwene chinaphwanyidwa kalekale. Ndiye kuti ndipite ndi chikhakha kukawaumbanso, iwo aziganiza kuti adokotala asintha maganizo, ayambe kuitanitsa buluku lawo la ku depoti. Komanso achimwene si mwana. Chikho chatsopano chopanda popsa, chopanda kachithunzi, angachizindikire chisanalowe n'komwe pakhomo.  Kenako Madamu anafunsa ngati ndingakonde kuti wina amange mwendo wa mayi wa tomato m'malo mwanga. Ndinati bondo limenelo saligwira wina.

Ndinaumanga tsiku lomwelo. Mayi wa tomato atabwera anaona chikho chake chili ndi bondo, paipi ndi phazi, ndipo anakhala pabenchi osalankhula, zimene zinali zachilendo kwa iye. Ndinamuveka. Anaima pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira zimene timaphunzitsirapo anthu kuyenda, kutsogolo kwa galasi lalikulu.

"Musayang'ane pansi, mayi. Yang'anani kutsogolo. Ponyani chiuno."

"Likupinda lokha, abambo! Lindigwetsa."

"Silingakugwetseni. Linanyamula munthu wolemera kuposa inu."

"Ndani? Anamwalira?"

"Ponyani chiuno."

Anaponya. Bondo linapinda, linawongoka, ndipo powongoka linalira kuti kha. Anaponyanso, kha. Ndinali nditaiwala kuti limalira chonchi, chifukwa m'manja silichita, limafuna thupi la munthu pamwamba pake. Kulira kumeneko ndinkakumva pakhonde la nyumba yanga Lamlungu masana, ndisanaone munthu, n'kudziwa kuti ndibise fodya chifukwa achimwene afika. Ndinagwada ngati ndikumanga bawuti kuti asandione nkhope.

Anabwera masiku angapo kudzaphunzira. Tsiku lina anasiya zitsulo zija, anaima payekha, n'kuyang'ana zikhatho zake ngati za munthu wina. Anatola ndowa ya Chigayo ija n'kuisenza pamutu, akuseka, misozi ikutsika. Onse anaomba m'manja. Madamu anajambula ndi foni. Ndodo zake anazisiya pakhomo, ndipo lisanalowe dzuwa zinali m'khwapa mwa munthu wina.

Masiku onsewo kwa achimwene sindinapondeko. Alamu anachita kunditumira uthenga kudzera kwa wogulitsa makala, woti munthu wanu akufunsa za sevisi mpaka wasiya kudya. Ndinapita Loweruka masana, chimanjamanja.

Achimwene anayang'ana manja anga ndisanapereke moni.

"Sevisi yake ndi ya ndege?"

Alamu anali akusita malaya a munthu patebulo. Sanatuluke. Anaimika simbi n'kupinda manja.

Ndinakhala pampando. Ndinawauza kuti mwendo subwera. Ndinawauza za lamulo limene anavomera lija, za mawu a adokotala, za mayi wa tomato ndi mwana wake wokwawira kumoto. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndipo ndinadzimva ndikugwiritsa ntchito mawu a Madamu, akuti zinthu zizizungulira, akuti chinthu chisagone pamene wina akuchifuna. M'kamwa mwanga ankamveka ngati mano obwereka.

"Bondo mwapereka," anatero achimwene. "Nanga zinazo? Chikho changa?"

"Chinagayidwa."

"Chinatani?"

"Anachigaya m'makina. Apangira zogwirira za ndodo."

Malovu anatsika kumbali yakufa ya pakamwa pawo. Alamu anafika ndi kansalu, iwo anatembenuza mutu kukana.

"Adokotala anati chiyani, tanenanso."

"Kuti simudzaimanso."

"Iwe ukuti chiyani?"

"Ine si dokotala, achimwene."

"Ndafunsa iwe. Waona zitsa zambiri kuposa dokotala."

"Simudzaima."

Panja ana ankamenyera mpira pakhoma la golosale. Achimwene anatseka diso lawo labwino, analitsegulanso.

"Ulendo woyamba anandidula ndi anthu achilendo," anatero. "Koma aja anali ndi ulemu. Anayamba andigoneka."

Kenako anaitana alamu.

"Mayi a nyumba, tanditembenuzireni kukhoma."

Alamu anagwira m'mapewa, ine ndinagwira m'chiuno. Sanandikanize kuwagwira. Tinawatembenuza, alamu anaika pilo pansi pa dzanja lakufa lija. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana msana wawo, mafupa akuonekera m'malaya. Ndinadikira kuti anditukwane, sanatero. Nditatenga chipewa kuti ndizipita, analankhula ali chiyang'anire kukhoma.

"Nsapato inali kuphaziko ndinagula ndekha. Imeneyo si yobwereka. Ukaibweretse."

"Ndikaibweretsa, achimwene."

Pamalo pathu nsapato imodzi sigona. Ambiri obwera kumeneko amavala imodzi. Ya achimwene ndinali nditaiona kale mkati mwa sabata, kuphazi lakumanja la bambo wina wodulidwa mwendo wakumanzere, ataipukuta mpaka kuwala, akutuluka nayo pageti.